Tulo Tanga Tinatsala Kugombe

Chaka chimene tinalowa m'nyumba ya malata ndi chaka chimene ndinasiya kugona. Sindikulemba modandaula ayi, Mulungu wandichitira zambiri zoti sindingazimalize kutchula. Koma miyezi isanu ija ndinaiona ndi maso anga, ndipo ikadangopitirira pang'ono, mwana wanga akadasiya sukulu chifukwa cha ine.

Nyumbayo anamanga ndi bambo a ana anga, ndi miyendo yawo tinganene, pakuti lata lililonse linachokera pa njinga. Zaka zonsezi akhala akugula nsomba kugombe la Amaramba, kuzilongedza m'dengu, n'kupalasa nazo kumisika. Kale tinkakhala pagombe pomwepo, m'kanyumba ka bango ndi udzu, pakati pa anzathu achisilamu amene makolo awo anabadwira pamalopo. Utsi wa nsomba unkatilowa m'zovala, moti kutchalitchi anthu ankadziwa kuti tafika asanacheuke n'komwe. Ndiye atapeza malo kumtunda, pakati pa minda ya chinangwa, ulendo wa theka la ola kuchokera kunyanja, ndinagwada pansi kuthokoza. Njerwa zootcha, zitseko ziwiri, simenti pansi. Oyandikana nawo kulibe. Mutaitana mokuwa, zokuyankhani ndi mbuzi basi.

Mwezi womwewo mwana wathu wachisamba anaitanidwa ku Cuamba kukaphunzira kuti akhale pulofesora, ndiye kuti mphunzitsi. Anali ndi kamwana kakakazi ka miyezi isanu ndi inayi, kamene bambo wake sitimutchula pakhomo pano. Anafuna kukana malowo chifukwa cha khandalo, ine ndinamugwira dzanja. Ndinamuuza kuti ine ndinalekeza kalasi yachinayi, ku Malawi, pansi pa mtengo, nthawi imene tinali othawa nkhondo, ndipo sindinafune kuti nayenso moyo wake wonse azingoyang'ana khomo la sukulu ali panja. Ndinati apite, mwana andisiyire, ndalera asanu, wachisanu ndi chimodzi sangandikanike. Anapita akulira, nane ndinatsala ndikulira, koma kunali kulira kwabwino.

Usiku woyamba m'nyumba yatsopano ndinati ndi chimwemwe chikundiletsa kugona. Wachiwiri ndinati ndi fungo la simenti. Itatha sabata ndinasowa chonamizira. Thupi linkatopa bwinobwino, maso n'kulemera, tulo n'kufika mpaka pafupi. Koma nyumba yonse ikangoti zii, bambo ayamba kupuma mwa tulo, atsikana anga awiri otsala pakhomo nawonso, china chake chinkanditsegula maso ngati munthu wandigwedeza phewa. Mtima n'kuyamba kugunda, makutu onse ali panja. Anthu ankandifunsa kuti usiku wonsewo mumaganiza chiyani, ine osapeza yankho, chifukwa sindinkaganiza kanthu. Ndinkangomvetsera. Lata likati the chifukwa cha kuzizira, ndamva. Mbewa ikadutsa m'chinangwa, ndamva. Mpaka kunja kuyere.

Amayi a mphakati wathu, amene timapemphera nawo Lachinayi lililonse, aliyense anabwera ndi mankhwala ake. Wina anandithyolera balakate, udzu uja wonunkhira ngati ndimu, kumunda kwake, kuti ndiziwiritsa madzulo n'kumwa akali wotentha, wopanda shuga. Wina anati ndizisamba madzi ofunda dzuwa likangolowa, n'kudzola mafuta kumapazi. Wina anati vuto ndi komwe ndalozetsa mutu, nditembenuze bedi. Tinatembenuza bediyo mbali zonse zinayi mpaka mwendo wake umodzi unagwedera. Ine ndinawonjezerapo kolona yanga. Ndinkati ndikamaliza imodzi osagona, ndiyambe ina. Usiku wina ndinamaliza zisanu ndi ziwiri, ndipo m'mawa ndinapepesa Amayi Maria kuti ndawasandutsa mankhwala a tulo.

Tulo timene tinkandikana usiku tinkabwera masana, mwakuba, osagogoda. Ndinkagona ndikusankha nyemba. Tsiku lina ndinathira mchere mu tiyi wa bambo. Kutchalitchi anthu onse atakhala pansi ine ndinatsala ndili chiimire mpaka wina anandikoka kapulana, chitenje changa. Tinkaseka zimenezo, chifukwa zinali zisanafike poti n'kusaseka.

Linali Lachiwiri masana, ndikuchapa matewera kuseri kwa nyumba. Mdzukulu wanga anali atayamba kuimirira mogwira zinthu. Ndinakhala pansi, msana kukhoma, kuti ndingowongola miyendo. Sindikudziwa kuti maso ndinatseka nthawi yanji. Chimene chinandidzutsa ndi phokoso la ndowa ikugunda pa mwala, ndipo nditayang'ana ndinaona timiyendo tiwiri m'mwamba, mutu uli m'madzi a sopo. Ndinamuzula, n'kumuzondotsa, n'kumumenya pamsana. Anasanza madzi, anatsokomola, kenaka analira. Kulira kumene kuja sindidzakuiwala. Ndinakhala naye pansi m'matope momwemo, ndikungoti Yesu, Yesu, mawu ena onse atandithawa.

Ndinkafuna kubisa, ndikuvomera. Koma mtsikana wanga wamng'ono anaona zonse, ndipo Lamlungu mkulu wake ataimba telefoni anamuuza ine ndisanafike pomwe panali foniyo.

"Amayi, mwana wanga anagwera mu ndowa inu muli pomwepo?"

Ndinati ali bwino, akudya phala, akuseka.

"Sindinafunse zimenezo, Amayi. Mwagona liti komaliza?"

 Anati akwera chapa, minibasi ya mawa, sukulu ithe. Ndinamupempha monga mwana apemphera kholo, ine mayi wake. Ndinati adikire feriya, tchuthi cha kusukulu, kwatsala masabata asanu ndi limodzi okha, akabwera n'kundipeza sindikugonabe, achite chimene akufuna, sindidzamuletsa. Anavomera ndi mawu ouma. Kuyambira tsiku limenelo kugona kunasanduka mayeso, ndipo wolephera ndikadakhala ine koma wochotsedwa sukulu akadakhala iye.

Pakhomo panasintha. Ndowa iliyonse ndinkaitaya madzi n'kuivundikira. Moto ndinkazimitsa mphika ukangochoka. Mwana sankatsika kumsana, ndipo ndikafuna kukhala pansi ndinkamanga mwendo wake ku dzanja langa ndi kansalu. Bambo nawo anaganiza zawo. Anati munthu wosagona amafuna bata, ndiye bata timupatsa. Tambala wathu anakamupereka kwa mng'ono wawo. Wailesi yawo, imene ankamvera mpira mpaka mochedwa, anaikulunga n'kuika m'mala, sutikesi yathu ya zovala. Zitseko anazithira mafuta a njinga. Ntchito yomata machubu ndi kumanga madengu, imene ankagwira usiku pokonzekera ulendo wa m'mamawa, anayamba kuigwira dzuwa likadalipo. Atsikana anauzidwa kuti akalowa m'nyumba asatembenuketembenuke, asanong'onezane, wofuna kutsokomola atsokomolere m'bulangete. Nyumba yonse inkagona msanga, kapena kunamizira kugona, kuti amayi apeze tulo. Ankachita zimenezi mwachikondi, ndipo ine ndinkawathokoza. Koma m'pamene zinthu zinaipiratu. Ngakhale ka ola kamodzi kamene ndinkapeza m'bandakucha kanatha.

Sabata yachiwiri bambo anandikweza njinga mpaka pamsewu, tinakwera chapa kupita kuchipatala ku Insaca. Anamwino ake anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, waulemu kwambiri. Anandiyeza magazi, malungo sanapezeke, kuthamanga kwa magazi kunali kokwera pang'ono chabe. Anandilangiza kuti tiyi wa masamba ndisamwe dzuwa likapendeka, ndisadye mokhuta madzulo, ndizigona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo tulo tikakana ndisagone pabedi n'kumalimbana nato, ndidzuke ndikhale pampando mpaka maso alemere. Anafunsa bambo ngati amaliza mkonono. Bambo anati amaliza, koma mwaulemu. Anamwinowo anaseka, n'kundipatsa makomprimido asanu, mapiritsi a tulo, kuti ndimwe theka pa usiku, ndipo ndisawazolowere.

Malangizo onsewo ndinawasunga ngati malamulo a Mulungu. Pampando ndinakhalapo mpaka matako kuwawa. Komprimido ija inagwira ntchito, koma kumene kuja sikunali kugona, kunali kukomoka. Tsiku lachiwiri ndinadzuka dzuwa lili pamwamba, mutu ukulemera, n'kupeza mwana mawu atamuthera. Analira kuyambira bambo atanyamuka m'mamawa, ali pambali panga penipeni, ine osamva, mpaka atsikana anabwera kudzamutenga. Ndinaona kuti tulo tosamva mwana akulira n'toopsa kuposa kusagona. Otsalawo ndinawatsekera m'chitini.

Achibale a bambo anayamba kunena kuti nyumba ya malata siimangidwa popanda wina kuwawidwa mtima, tipite kwa sing'anga. Ndinakana, ndine mkhristu. Akatekisi anabwera n'kuwaza madzi odalitsidwa m'zipinda zonse kachiwiri. Koma ndisaname, sabata yachisanu ndinavala kapulana n'kuyenda njira ya kwa sing'angayo mpaka ndinaona denga lake, ndipo chimene chinandibweza si chikhulupiriro chokha, komanso manyazi, poti pakhonde pake panakhala mayi wina wa kwaya yathu. Ndinabwerera ndikulira njira yonse. Madzulo amenewo ndinagwada pa simenti n'kunena kuti Ambuye, sindinakupempheni galimoto, sindinakupempheni ng'ombe, ndikupempha maola atatu okha, amene ngakhale galu mumamupatsa. Ngati ndinadzikuza ndi nyumbayi, ndilangeni ine mwanjira ina, koma mwana uja msiyeni amalize.

Mwana wanga anafika Lachisanu madzulo. Ndinamuona akutsika pa njinga ya munthu. Anali ndi mala yake, matiresi atakulunga ndi chingwe, ndi ndowa yake yosambira. Wobwera ku feriya ya masiku khumi satenga ndowa. Anandiyang'ana kumaso kamodzi kokha, n'kuona mmene ndinaondera, maso atalowa m'kati. Anatenga mwana wake kumsana kwanga.

Usiku umenewo iye sanagone. Anayala pabalaza, nayatsa kandiyero, nyali ya mafuta, n'kuyamba kutsegula makaderno, makope ake a kusukulu, limodzilimodzi, ngati munthu akutsanzikana ndi abale. Bambo anamudzudzula kuti azimitse, akusokoneza mayi ake, iye anati amusiye. Ine ndili kuchipinda ndinkamva pepala likutembenuka, kenaka kufwenthera, kenaka pepala lina. Ndinkati ndidzuke ndikamutonthoze. Chotsatira chimene ndinaona ndi dzuwa pakhoma. Ndinagona usiku wonse, popanda komprimido, popanda balakate. Loweruka ndi Lamlungu zinachitikanso chimodzimodzi, poti mwana atamva fungo la mayi wake ankavuta usiku, ndipo mayi wakeyo ankangoyenda naye pabalaza uku ndi uku. Ndinadzuka Lolemba ndili munthu, ndikuimba nyimbo, ndikuti Mulungu wayankha pa nthawi yake, mwana abwerera kusukulu.

Mwana wanga anaziona mwanjira ina. Tikusenda chinangwa anandiuza mofatsa kuti waona yekha, miyezi isanu sindinagone, iye wangofika ndagona. Ndiye kuti chimene chinkandidya ndi nkhawa ya kulera mwana wa mwini. Anati sakundiimba mlandu, katunduyo ndi wake, ausenza yekha. Alembera kalata akusukulu kuti malo ake apatse wina.

"Ndikapita muyambiranso, Amayi. Ndiye ndikamva kuti chiyani ulendo uno?"

Atatsimikiza mtima chomwecho, usiku wa Lolemba anagona tulo tabwino, mwana nayenso anagona. Nyumba inati zii. Ine maso gwa mpaka m'mawa. Ndinaona kuti ndatsekeredwa mbali zonse. Ndikagona, akuti n'chifukwa iye alipo, akhale. Ndikapanda kugona, mwana sangandisiyire, akhalebe. Ndinalibe ngakhale bodza loti lingamupulumutse.

Lachiwiri masana ndinatsikira kugombe, osati kukafuna thandizo, koma kukalirira komwe ana anga sangandione. Kumeneko kuli mnzanga wachisilamu, wamkulu kwa ine, amene tinakhala moyandikana zaka zonse zija. Ntchito yake ndi kuwamba nsomba. Ndinamupeza ndi azipongozi ake akutumbula milamba pafupi ndi uvuni. Atandiona anati taonani, amayi a kumalata atikumbukira ife a utsi, ayalireni mphasa yabwino angadetse kapulana. Koma atandiyang'anitsitsa analeka nthabwala. Ndinamufotokozera zonse. Sanandipatse mankhwala alionse, anangoti ndikhale nditsamire mzati, amalize kaye nsombazi zingaonongeke. Iwo anapitiriza ntchito, mipeni ikulira pathabwa, akukangana m'Chiyao za mtengo wa mchere. Ndinadzuka mthunzi utasuntha kutali, wina atandifunda nsalu kumapazi.

"Matenda anu aja ndi amenewa?" anatero mnzangayo. "Mwatiimbira mkonono mpaka agalu athawa."

Ndinati masana ndimagona pena paliponse, vuto ndi usiku. Iye anati zimenezo sakuzimvetsa, chifukwa zaka zonse zija iwo ankawamba usiku kuseri kwa kanyumba kathu, kuwaza nkhuni, kukoka mabwato, amuna kutukwanizana pa nkhani ya maukonde, ndipo ine sindinadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Kenaka anafunsa, akupukuta mpeni, ngati funso wamba.

"Nanga kumtunda kwanuko, usiku amakhala maso ndani?"

Ndinati palibe. Nditangotchula mawu amenewo, ndinakumbukira za ubwana wanga.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu kapena zisanu ndi zinayi. Tisanathawire ku Malawi, tinakhala nthawi yaitali tikugona kuthengo. Masana kumudzi, dzuwa likalowa aliyense mphasa pamutu, kukabisala m'tchire mabanja atatu kapena anayi pamodzi. Akuluakulu ankalondera mosinthana. Moto kunalibe, kulankhula kunalibe, ndiye wolondera ankachita kaphokoso kakang'ono kosamveka patali, kuti ogonawo adziwe kuti ali maso. Mayi anga ankatongola chimanga pansalu, njere imodziimodzi. Malume ankapala kamtengo ndi mpeni. Ndipo mayi anatiphunzitsa ife ana lamulo lake. Ukamva kaphokosoko, gona. Ukadzidzimuka n'kupeza kuli zii, ndiye kuti wolondera wagwidwa ndi tulo, usamudzutse mokuwa, ulonda wagwera iwe, khala maso mpaka wina atsokomole kawiri kukuuza kuti walandira. Zimene zinachitikira banja lina usiku umene onse anagona sindizilemba pano.

Zimenezi ndinali ndisanaziganizeko zaka zambirimbiri. Kumsasa ku Malawi tinali opanikizana, nthawi iliyonse wina akutsokomola, wina akutonthoza mwana. Titabwerera, ndinakwatiwa kugombe, kumene usiku ndi nthawi ya ntchito. Moyo wanga wonse ndinali ndisanagonepo pamalo pamene anthu onse agona. Ndiye m'nyumba ya malata muja, a m'banja langa akadzikakamiza kukhala chete kuti andithandize, kamtsikana kaja ka kuthengo kankamva kuti ulonda wagwera iko. Miyezi isanu ndinkalondera nkhondo imene inatha ana anga asanabadwe.

Ndinathamanga kukawauza. Mwana wanga anamvetsera, koma nkhope yake inkaonetsa kuti akuganiza kuti mayi apeka nkhani yoti amubwezere kusukulu. Bambo anakhulupirira msanga, mwina chifukwa nawonso anagonapo kuthengo. Anati ngati ndi mlonda akufunika, mlonda ndi iwo. Lachitatu usiku anakhala pampando pafupi ndi bedi, mpeni ndi kamtengo m'manja, n'kuyamba kupala. Munthu woti wapalasa njinga tsiku lonse. Ndinayamba kusinza ndithu, koma pasanathe ola mpeni unagwa pansi, mkonono waulemu uja n'kuyamba. M'mawa anachita manyazi. Ndinawauza kuti asayesenso, sindikufuna kuti mawa akagwe m'ngalande ndi dengu la nsomba, ndichire ine afe iwo.

Ndinanena chimene chinali mumtima mwanga, kuti kanyumba kathu kakale kakadalipo kugombe, ndizikagona kumeneko ndi mdzukulu, m'mawa ndizikwera kumtunda. Sindinawaonepo bambo atapwetekeka chomwecho.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikupalasa, mayi, kuti mukagone m'bango?"

Anati anthu adzati banja latha, kapena adzati m'nyumbamo muli zinthu, ndipo achibale awo aja adzati tinanena. Zonsezo zinali zoona. Ndinangoti Lolemba sukulu ikutsegulidwa. Lachinayi lonse sanandilankhule. Lachisanu m'mawa sanapite kumsika. Ndinawaona akunola chikwanje, n'kutsika njira ya kunyanja. Pofika madzulo mabowo a kanyumba kaja anali atatsekedwa ndi bango latsopano, ndipo anali atapachika neti ya udzudzu.

Mwana wanga anati aona ndi maso ake. Iye agona kumtunda kuti pasakhale chonamizira, ine ndi kamwanako kugombe, ndipo m'mamawa adzabwera osagogoda. Kunatsala mausiku atatu.

Lachisanu lomwelo kunauka mphepo panyanja. Mabwato sanalowe m'madzi, nsomba kunalibe, uvuni sunayatsidwe. Gombe lonse linagona msanga ngati lapangana. Ndinamva bango likulira ndi mphepo, koma bango si munthu. Mwana wanga atafika m'mawa anandipeza ndakhala pakhomo, kolona m'manja. Ndinamuona akuyang'ana pansi, akundimvera chisoni, ndipo chisoni chimenecho chinandiwawa kuposa mawu alionse. Ndinapita kuseri kwa kanyumba n'kumuuza Mulungu kuti ine nzeru zandithera, ndafika pamene ndafika.

Loweruka mphepo inachepa pang'ono koma nsomba zinabwera zochepa, zosakwana n'komwe kuyatsira moto. Mnzanga uja ndinali nditamufotokozera za kuthengo zija, lamulo lonse. Madzulo ndinamuona akutuma mpongozi wake kukatenga nkhuni. Ndinamufunsa kuti awamba chiyani, timakumba khumi timeneti? Anati nsomba ndi zake, nkhuni ndi zake, ine ndisamale za tchalitchi changa. Nditalowa m'kanyumba, mwana atagona, mantha anandigwira kuti ndikalepheranso lero basi kwatha, ndipo mantha amenewo okha anali okwanira kundiletsa tulo. Ndinamva nkhuni ikuthyoledwa. Ndinamva akutembenuza nsomba pawaya, nsomba zoti zinapsa kale. Kenaka mapazi anayandikira kubango, pafupi ndi mutu wanga, ndipo mayi uja, munthu wa msinkhu wake, wa chipembedzo china, anatsokomola kawiri.

Misozi inatsikira m'makutu. Sindikudziwa kuti inauma nthawi yanji.

Lamlungu mwana wanga anatipeza tonse awiri tili m'tulo, dzuwa litatuluka, mdzukulu atandiika phazi pakhosi. Akuti anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenaka anapita kwa mnzangayo kukamufunsa ngati sindinamwe komprimido. Mnzangayo anamuyankha kuti iye sanama m'mawa asanadye, ndipo ngati akufuna umboni afunse gombe lonse, palibe amene sanamve. Tsiku limenelo tinachedwa ku Misa, tinalowa akuwerenga kale Mthenga, ndipo sindinachite manyazi ngakhale pang'ono.

Mwana wanga sanasinthe maganizo nthawi yomweyo. Anakhala tsiku lonse akuchapa zovala za mwana zimene zinali zochapa kale. Madzulo anandiitana kuseri. Anati usiku umodzi si umboni, nanga masiku a mphepo? Ndinati masiku a mphepo sindidzagona, sindikunamiza, koma m'mawa mwake mwana adzakhala m'manja mwa azipongozi a mnzanga kufikira ang'ono ako ataweruka kusukulu, tagwirizana kale, ndipo ine sindidzayandikira madzi kapena moto ndili naye ndekha. Anati ndilumbire kuti akaimba foni ndizimuuza zoona, ngakhale zoipa. Ndinalumbira. Anati apita mpaka feriya inayo basi, akamva kanthu kamodzi kokha abwerera ndipo ndisadzamupemphenso. Ndinavomera zonse. Akadati ndimupatse dzanja langa lamanja ndikadavomeranso.

Usiku wa Lamlungu ndinagona maola anayi. Lolemba kusanache bambo anamanga katundu wake pa njinga, pamene pamakhala dengu la nsomba, n'kumuperekeza kumsewu. Kalata ija yopita kusukulu mwana wanga anaisiya m'manja mwanga, yosatumiza. Anati ndiisunge, mwina idzafunika.

Sindinachire, ndisanamize munthu. Ndikagona kumtunda mpaka lero maso amakhala gwa. Anthu analankhula monga bambo ananenera, ena mpaka anawafunsa ngati akufuna kuwapezera mkazi wina woti azigona m'malatamo, iwo anayankha kuti mmodzi yemweyu akuwakwanira kuwasowetsa mtendere. Masiku ena amatsika n'kudzagona nafe m'bango, amati kumtunda kwazizira. Miyezi ya mvula, nsomba zikachepa, ndimatha mausiku atatu otsatizana osagona, ndipo mantha aja amabweranso onse. Foni ikalira Lamlungu ndimanena zoona monga ndinalumbirira, kuti sabata ino kawiri sindinagone, ndipo ndimamva mwana wanga akupuma mwamphamvu kumbali inayo, akuyeza ngati apitirize kapena abwere. Mpaka pano akupitiriza.

Mwezi wathawu anandiuza kuti ayamba kuwatumiza m'masukulu kukayeserera, ndipo anamupatsa kalasi yachiwiri, ana odzaza chipinda mpaka pakhomo. Akuti tsiku loyamba choko chinkamugwa m'manja, ndipo kamtsikana kena kanamutolera n'kunena kuti pulofesora, musaope, ife sitiluma. Kwatsala miyezi inayi kuti amalize. Ambuye amene mwandisunga kufikira lero, miyezi inayi yokhayi ndigwireni dzanja.